Batani Lachitatu

Foni ya pa desiki ya amake mapasa inali ndi mabatani angapo oimbira pongodina kamodzi, koma lofufuka ndi chala linali lachitatu. Limeneli linkaimba mu ofesi ya malemu amuna awo. Poti munalibenso woyankha, makina ankatulutsa mawu amene bamboyo anajambula ali moyo: "Pepani, ndatuluka pang'ono. Siyani uthenga, ndikuimbirani." Mayiwo ankalidina m'mawa uliwonse, asanavule ndi juzi yomwe. Kunyumba kunatsala zithunzi ndi nsapato, koma mawu a munthuyo anatsala m'makinamo basi.

Zimenezi zinkawanyansa alamu awo, mkulu wake wa malemuyo, amene tsopano ankayendetsa okha kampani yawo yogulitsa mapaipi. Anali munthu woti akafuna chinthu amayamba wachita, kufunsa n'kwa pambuyo, kaya akumbukira n'komwe.

Tsiku lina mayiwo pochokera kokasiya ana kusukulu anapeza mmisiri wa mafoni atakhala pampando wawo, laputopu ili pamiyendo, mawaya ali mbwee pansi. Alamuwo anaima chapambali, manja m'matumba.

"Akutani awa pamalo panga?"

"Akukonza mabatani," anayankha alamuwo. "Loyamba ndi langa, lachiwiri la kosungira katundu, lachitatu tiikapo woyang'anira madalaivala. Ofesi ya malemu ija ndamupatsa iyeyo."

"Lachitatulo musalikhudze."

"Alamu, kuno ndi kuntchito, si kumanda. Makasitomala akumasiyira uthenga munthu woti anapita, n'kumadikira kuti awaimbira. Dzana wina wandikalipira kuti mng'ono wanga ndi wamwano, sabweza foni."

"Mpando wake munautenga tisanapukute ndi misozi yomwe. Lero mwabwerera mawu?"

"Mumayankhula ngati ofedwa ndinu nokha. Ine ndinayamwa naye bere limodzi."

"Bere limodzi lomwelo, kuchipatala munapondako kangati?"

Alamuwo anatsonya. Mmisiri uja anaweramira laputopu yake ngati muli nkhani yaikulu, chonsecho zala sizinkayenda. M'khonde, atsikana a kumalisiti anali ataima kale ndi makapu opanda tiyi, makutu ali tcheru.

Amake mapasa anawayang'anitsitsa alamuwo. Munthuyu ankadana naye, ndipo sankabisanso. Koma anaona kuti mkangano sawina, kampani ili m'manja mwa eni ake. Anadzidzudzula mumtima kuti bwanji sanajambule mawuwo kalekale. Ankangoti makina ali pakhoma sangapite kulikonse.

"Chabwino," anatero, mawu atatsika. "Batanilo tengani, ofesiyo tengani. Ndiloleni ndingojambula mawuwo pa foni yangayi. Anawa sakuwakumbukira bambo awo mmene ankayankhulira."

"Jambulani msanga," anatero alamuwo, osawayang'ana. "Anthu akufuna agwire ntchito."

Mayiwo anatulutsa foni yawo m'chikwama, kuitchera kuti ijambule, n'kuigundika pa sipika. Anadina lachitatu. Inaitana, inaitana, kenako kunamveka mawu achizimayi a m'makina, ozizira, akuti siyani uthenga. Anadula n'kudinanso. Anali mayi wa m'makina yemwe uja.

"Mwasokoneza mawaya," anauza mmisiriyo. "Bwezerani mmene zinalili."

Mmisiriyo anapukusa mutu. "Mayi, makina amenewa ndi akale. Kuti mabatani atsopano alowe, timayamba tafufuta zonse. Ndafufuta m'mawa muja, inu musanafike."

"Zibwezereni."

"Sizibwerera, mayi. Koma sindinangofufuta ayi. Ndinawafunsa kaye bwanawa ngati muli kanthu koti tisunge."

Amake mapasa anatembenuka. Alamuwo anali atafika kale pakhomo, akukanda foni yawo ngati muli uthenga wachangu. Ndiye kuti nthawi yonse imene ankawauza kuti jambulani msanga, ankadziwa.

"Ndiye anati chiyani?" anafunsa mayiwo, foni ikujambulabe m'dzanja.

Mmisiriyo anayamba kukulunga waya.

"Anati mulibe."