Giya Yachiwiri ya Selina

Njinga yamoto ija inakukuta mano, n'kudumpha pang'ono, kenaka inazima pafupi ndi mpanda. Ackim anatsika, navula chipewa, n'kuiyang'ana ngati yamutukwana.

"Mulamu, njinga iyi akulu anaisiya ikudwala," anatero. "Giya yoyamba ikulowa bwino. Yachiwiri ikukana chomene."

Selina anapitiriza ntchito yake. Anali pakhonde akupinda mphasa zimene anthu anagonapo pa maliro a mwamuna wake, Gideon. Abale ochokera ku Nkhata Bay anali atabwerera onse, kutsala Ackim yekha, mng'ono wa malemu, amene akuluakulu a banja anamusiya kuti amalize zimene anagamula. Zogamulazo zinali zachidule: njinga ipite kumudzi ndi Ackim, ndipo Selina ndi mwana wake Marjorie atsatire sukulu ikatsekera. Palibe amene anayankhula mwankhanza. Anangofunsa funso limodzi lokha: popanda woyendetsa, njinga ikhaliranji ku Mzilawaingwe, m'tauni ya Mzuzu?

Komatu njingayo ndiyo inkadyetsa nyumba. Gideon ankatsika nayo kunyanja kukatenga nsomba za batala ndi usipa, Selina n'kumagulitsa pamsika wa Mzuzu. Njinga ikapita, za tauni zatha, ndipo Marjorie, amene anali mu Fomu 3, sukulu yake ikathera pa thandala loyanikira usipa.

Ngakhale zinali choncho, Selina ankadana nayo njingayo. Kuchipatala atamuuza Gideon kuti chiwindi chake chatha, munthuyo m'malo mogona anasamukira kuseri kwa nyumba ndi zitsulo zake. Kapu ya phala inkamukanika kumaliza, koma mphamvu zogwirira sipanala ankazipeza kwinakwake. Tsiku lina anachita kuikankha njingayo mpaka kwa owotcherera, n'kubwera akupuma ngati wathamangitsidwa. Selina anapsa mtima. "Mukafa idzakulireni ndi njinga yanuyo!" anatero. Gideon anangoseka, n'kumuuza kuti akhale pansi apumitse mwendo. Mawu aukali amene anamulankhulira mwamuna wake aja tsopano ankamuluma Selina tsiku lililonse.

Ackim sanali mlendo pa makina, poti injini za maboti kwawo ankakonza ndiye. Anavula jekete ngakhale mawawa a mu Juni anali akuwaza, n'kuitana Marjorie.

"Mwana wa akulu, gwira apa. Finya kilachi, usiye. Finyanso."

Anayamba ndi waya wa kilachi. Anaukoka, naumasula pang'ono, n'kuudonthezera oyilo. Wayayo unalibe mlandu. Anatsegula pothirira oyilo n'kupaka pachala: oyilo woyera ngati wothira dzulo. Anagwada n'kukankha tcheni ndi chala chachikulu, koma nacho chinali chomangidwa bwino, chosathina, chosalendewera. Kenaka anaimika njinga pa mwendo wake wapakati, nazungulitsa tayala la kumbuyo, n'kumasintha magiya ndi dzanja. Anangolowa okha, tcha, tcha, tcha, mpaka yomaliza.

Anakweranso, nailiza, n'kuponda ndi jombo yake. Njinga inakukutanso mano.

"Aa! Ndi dzanja ikuvomera, ndi phazi ikukana," anatero Ackim. "Kapena akulu anaiuza kuti isandimvere?"

Marjorie anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa, poti m'nyumbamo munali musanamveke kuseka chichitikire maliro.

Selina anaziona zonsezo ali pakhonde paja. Kukana kwa giya yachiwiri ankakudziwa bwino kuposa onsewo. Poliyo anamugwira ali mwana, n'kumusiyira phazi lamanzere laling'ono, lotha kuponda pansi koma losatha kudzutsa zala m'mwamba. Atangokwatirana kumene, Gideon anamuphunzitsa kuyendetsa m'kamsewu ka m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina. Kuliza anadziwa, kukhota anadziwa, mabuleki anadziwa. Koma giya yachiwiri imafuna kukweza chopondera ndi zala, ndipo pamenepo phazi linkangogona. Ankayenda pa giya yoyamba yokha, injini ikubuula, ana otola nkhuni akumuthamangira n'kumamupitirira. Manyazi anamugwira, ndipo sanakwerenso kutsogolo.

"Vuto ndi chopondera ichi," Ackim anatero atawerama. "Wina anachidula n'kuchiwotcherera. Chafupika, ndipo kumbuyo kuno aikako kachitsulo kena. Ntchito ya ndani yoipa chonchi? Ndichichotse basi, ndikapeza china m'tauni."

Anatsegula kabokosi ka zitsulo ka m'mbali mwa njinga kuti atenge sipanala. Chimene chinayamba kutuluka si sipanala ayi. Inali nsapato yansalu yakuda, yaing'ono, yopindidwa pakati, yodyeka mbali imodzi.

"Amama!" Marjorie anafuula. "Si nsapato yanu ija munanamizira galu wa a Boniface oyandikana nafewa?"

Selina anaimirira, mphasa n'kugwa. Inalidi yake, yakumanzere. Inasowa masiku omwe aja Gideon ankakhalira kuseri, ndipo galu wosalakwa uja anagendedwa nayo miyala sabata yathunthu. Gideon anathandiza nawo kufunafuna, mpaka kusuzumira pansi pa bedi, nkhope ili gwa.

Ackim anaitembenuza nsapatoyo m'manja. Kenaka anaiwongola n'kuiika popondera phazi. Inakhala ngati anabadwira pamodzi: kutsogolo kwake kunafika pa chopondera chofupika chija, chidendene n'kukhala pamwamba penipeni pa kachitsulo ka kumbuyo. Anadina chidendene cha nsapato ndi chala. Tcha! Giya inakwera.

Anaikapo jombo yake pambali poyerekeza. Inali yaikulu moti inkapsinja zitsulo zonse ziwiri nthawi imodzi, chopondera n'kulephera kubwerera pakati kuti chitenge giya ina.

"Njinga ilibe matenda," anatero motsitsa mawu. "Phazi langa ndilo lolakwika."

Anakhala pansi pa njerwa, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka oyilo pachipumi. Selina anaona kuti mlamu wakeyo sankalirira chuma. Iyenso njingayo ankaifuna chifukwa inkanunkhabe mkulu wake.

"Mulamu, akuluakulu anagamula kale," anatero Ackim. "Ndikafika wapansi ndikanena chiyani? Ndiponso mzimayi pa njinga yamoto, m'tauni muno? Boma linaletsa, mzimayi kuvala thalauza ndi mlandu. Achinyamata a chipani adzakuimitsani pa mphambano iliyonse."

"Thalauza sindinalifunepo, alamu. Diresi langa ndi lalitali, chitenje ndimanga bwino. Achinyamatawo amafunsa khadi la chipani, ndipo khadi ndili nalo."

"Nanga layisensi? Nanga zitunda za ku Nkhata Bay, nsomba zili kumbuyo?"

"Ndikayesedwa ngati wina aliyense. Zitundazo ndazikwera zaka zonsezi nditagwira malaya a akulu anu. Ndikudziwa pamene ankasinthira giya paliponse." Selina anamuyang'ana Ackim m'maso. "Akuluakulu anafunsa kuti woyendetsa ali kuti. Sanafunse china."

Ackim anayang'ana Marjorie, amene anali atafumbata nsapato ija pachifuwa. Anayang'ananso njinga.

"Ndiwonetseni woyendetsayo," anatero.

Selina anatenga nsapato ija kwa Marjorie n'kulowa m'nyumba. Nsapato yakumanja anali asanaitaye, ngakhale sankadziwa chimene ankaisungira. Anavala zonse ziwiri, nakokera mpango pamutu wometedwa, namanga chitenje mothina. Mantha anali nawo, ndipo sanawabise. Ackim anamulizira injini n'kugwira kumbuyo mpaka atatuluka pachipata.

Giya yoyamba inalowa. Njinga inayenda m'kanjira ka matope, injini ikuyamba kubuula kubuula kuja kwa ku Kaning'ina. Amayi a pampopi anasiya zidebe n'kutembenuka. Selina anafinya kilachi, naponda ndi chidendene.

Tcha!

Kubuula kunatha. Njinga inapepuka n'kuyamba kuthamanga mosavutikira, mphepo yozizira ikumumenya m'maso. Anafika pagolosale ya a Isaka, nakhota bwinobwino, n'kubwerera, misozi ikuyenderera cham'makutu. Kumbuyo kwa mpanda Marjorie ankalumpha ngati kamwana ka pulayimale.

Selina ataima, Ackim anazula kiyi, naiyang'ana pang'ono, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Ndikwera basi," anatero. "Kumudzi ndikanena zimene ndaona ndi maso anga. Akakalipa, akakalipire ine. Mpaka layisensi ituluke, nsomba ndizikutumizirani pa basi. Ulendo woyamba wa kunyanja ndidzabwera kudzakhala kumbuyo kwanu."

"Yewo, alamu. Yewo chomene."

Ackim atalowa m'nyumba kukasamba m'manja, Selina anatsala yekha ndi njingayo, injini ikuthetheka pozizira. Anawerama kuti aone bwino kachitsulo kaja. Apo m'pamene anazindikira chifukwa chake chidendene chake, chimene chimapweteka ngakhale poponda kamwala, sichinamve kanthu. Gideon anali atakakulunga ndi mphira wa chubu, mizere yambirimbiri, n'kumanga mfundo yake kunsi, kumene singakhudze phazi.

Selina anaigwira mfundoyo ndi zala. Kenaka anamasula nsonga ya chitenje chake, n'kuyamba kupukuta matope pa njingayo.