Chipinda Chofunda cha Mwana wa Rita

Ennie anali asanazimitse n'komwe njinga yamoto pomwe Conrad anayamba kuyeza nyumba yake ya ku Kaumbwe ndi mapazi, kuchokera pakhonde mpaka kukhitchini.

"Masitepi sate, amai! Nifuna makina akulu, monga ya mu banki!"

Ennie anaseka. Mayiyu ankakonza mafiriji pamsika wa Petauke, n'kumaikanso makina oziziritsa nyumba mu Okutobala ndi kuifunditsa mu Juni. Koma Conrad sankaseka. Mkazi wake Rita anali atabereka mwana wosakwana masiku, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anamwino ananenetsa kuti atuluka m'chipatala Loweruka pokhapokha ngati kunyumba kuli chipinda chofunda, chopanda utsi wa mbaula. Juni ameneyo madzi a m'chidebe ankaluma zala.

"Mwana azagona pakhonde?" anafunsa Ennie.

"Iyai."

"Nanga khonde mwaipimila chani? Nionetseni kuchipinda."

Ennie anayeza makoma ndi tepi, nawerenga mawindo, kenako n'kuyang'ana kumwamba. Kunali malata okhaokha, ndipo pakati pa khoma ndi denga panali mpata woti nkhunda n'kulowa osawerama.

"Bambo, apa olo mubwelese ya mu banki, muzafundisa Kaumbwe yonse, mwana ali njenjenje. Ni kutapa manzi na lichelo. Valani pamwamba, kang'ono kazakwana."

Conrad anagwa nkhope. Anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kuti kukubwera chimakina.

"Kang'ono kangakwanise zoona?"

"Safunsa anadya phula. Imwe mwafunsa, lomba mvelani."

Apongozi ake a Conrad, aFelista, omwe anabwera kuchokera kwa Nyalugwe kudzadikira mdzukulu, ankamvetsera ali pakhomo. Anakatulutsa mphasa zinayi zatsopano zomwe anabwera nazo kudzagulitsa. Masiku awiri Conrad anakhomera mphasazo pansi pa malata, aFelista akumata mipata ndi dothi, uku akumuseka mkamwini kuti nyundo amaigwira ngati mthiko.

Loweruka Rita analowa atadzikulunga mabulangete awiri, mwana ali pachifuwa. Kamakina ka Ennie kanali kakung'ung'udza pakhoma. Rita anaima pang'ono, navula bulangete loyamba, kenako lachiwiri. Pamenepo kamwana kaja, kokwana m'manja awiri, kanakuwa mpaka aneba kululutira panja.

"Mwakamva kang'ono?" anatero Ennie.

Conrad anaseka mpaka misozi, chimwemwe chitamudzaza. Anavula jekete yomwe sanaivule sabata yonse, naipinda, n'kutseka nayo kampata ka pansi pa chitseko.