Mpweya M'mabuleki a Teruo

Tsiku limenelo mphepo youma inkatsika kuchokera kuphiri la Tsukuba chiyambire m'mamawa, yozizira yobaya m'mafupa, ndipo inkaulutsa fumbi m'minda yonse ya kabichi ya ku Shimotsuma. Chitseko chamalata cha galaja ya Kuramochi Teruo chinkangoti gwede gwede. Mwiniwake analibe nacho ntchito. Anali chagada pansi pa galimoto, atayala katoni yakale, sipanala ili m'manja.

Galimotoyo inali yaing'ono, yoyera, ya zitseko ziwiri, yomweyo imene ankapita nayo kogula mpunga ndi kokasesa kumanda. Mawa lake, Lamulungu, gulu la madala anzake linali litabwereka bwalo lothamangitsira magalimoto, komaliza m'chaka chimenecho. Sunali mpikisano ayi. Aliyense ankangozungulira bwalolo ndi galimoto yake yapamsewu mmene mtima wake wafunira. Teruo anali asanapondeko chimwalirire mkazi wake Setsuko, ndipo ulendo uno anakalembetsa osauza munthu.

Ntchito yambiri inali itatha. Oyilo anali atasintha, mapadi a mabuleki anali atsopano, matayala anali atawayang'ana limodzilimodzi. M'kati anali atachotsamo makapeti, ambulera, tochi ndi chilichonse chimene chingagubuduke n'kukalowa pansi pa phazi. Chotsala chinali chimodzi, mafuta a mabuleki. Mafuta akale amamwa chinyezi. Pamsewu wamba sungadziwe, koma pabwalo, ukamaponda mwamphamvu pa kona iliyonse, amawira, ndiye chopondera chimangomira mpaka pansi galimoto ikupitabe. N'chifukwa chake mkulu woyendera magalimoto wa gululo ankayamba waponda buleki ya aliyense m'mawa. Ikakhala yofewa, ankangoloza kugeti, ngakhale mutadziwana kuyambira kusukulu.

Koma ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pampando n'kupopa chopondera, kenako n'kuchigwira pansi. Winayo amagona pafupi ndi tayala, n'kumasula kabawuti kuti mafuta akale atuluke pamodzi ndi mpweya, n'kumanganso mnzakeyo asanachotse phazi. Phazi likachoka kabawuti kali kotsegula, mpweya umabwerera m'mapaipi ndipo zonse zimayambiranso.

Zaka zonse zapitazo phazi linali la Setsuko. Ankavula masilipasi, n'kukokera mpando kutsogolo, n'kutsegula wailesi. Sankalankhulana. Teruo ankagogoda chitsulo ndi sipanala: kamodzi ndiye kuti popa, kawiri ndiye kuti siya.

Tsopano anadula nsungwi kuseri kwa nyumba, n'kuiyeza kuchokera pampando kukafika pachopondera. Ankapopa ndi dzanja, n'kuchirikiza nsungwi ija, n'kukwawira kutayala, kumasula, kumanga, kudzuka, kuchotsa nsungwi, kupopanso. Anayambira tayala lakumbuyo kumanzere monga mwa nthawi zonse. Mawondo ankalira podzuka paliponse. Pa tayala lachitatu, kabawuti kali kotsegula, anamva kuti phwa m'galimoto. Nsungwi inali itaterereka.

Anayang'ana kapaipi kamene anakalumikiza pakabawuti kuti mafuta akale azigwera m'botolo. Kenako anamanga kabawuti, napitiriza ngati palibe chachitika. Atamaliza anabwezera matayala, natsitsa jeke, natulutsa galimoto kuti akaiyese m'kanjira kodutsa pakati pa minda.

Kumapeto kwa kanjirako kunali nyumba yometera ya Iizumi Katsuji, mchimwene wake wa Setsuko. Teruo anaponda buleki akadali patali. Chopondera chinamira ngati waponda chipatso chowola. Anapopa kawiri, nakoka handibuleki, galimoto n'kukaima mphuno yake itatsala pang'ono kununkhiza miphika ya maluwa ya pakhomo.

Katsuji anali panja akukutumula matawulo. Anayang'ana galimoto, nayang'ana miphika yake.

"Alamu! Mukufuna ndikumeteni pamodzi ndi galimoto? Khomo langali ndi lopapatiza, siilowa."

Teruo anaweramitsa mutu pang'ono, naika giya yobwerera, nabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka kugalaja kwake.

Sanathe n'kukweza komwe galimoto pamene anamva masilipasi akukhwekhwereza pakhomo. Katsuji anali atavala jekete pamwamba pa chovala chake choyera chometera, m'manja muli kathumba ka mbatata zouma.

"Ndiye kuti misala ija yayambiranso," anatero. "Ine ndimayesa inapita ndi ukalamba. Kubwalo kuja ndi mawa?"

"Mawa."

"Ndi mabuleki amenewo?"

"Ndikonza."

"Mukonza ndi ndani?" Katsuji anasuzumira pawindo naona nsungwi ili pampando. Anaitenga, naitembenuza uku ndi uku. "Ooo, ndiye uyu ndi amene walowa m'malo mwa mlongo wanga? Waonda bwanji. Mumam'patsa chakudya?"

Teruo analanda nsungwiyo.

Anthu awiriwa sanayambanepo, koma sanagwirizanenso pa nkhani ya galimoto. Katsuji ankanena poyera kuti anapereka mlongo wake kwa munthu waulemu, munthuyo n'kumusandutsa makaniko wonunkha oyilo. Setsuko atamwalira, Katsuji ndi mkazi wake ankatumiza ndiwo zophika pafupipafupi. Teruo ankabweza mbale iliyonse itatsukidwa, muli maapulo kapena paketi ya tiyi, kuti pasatsale mangawa. Sanapemphepo kanthu kwa iwo, ngakhale mchere. Kuvutitsa anthu ankakuona ngati kutuluka panja usanasambe.

"Ndikhale pampandopo?" anafunsa Katsuji.

"Muli ndi makasitomala."

"Kasitomala wanga wa lero anali mmodzi, ndipo mutu wake ndi dazi. Ndikhale?"

"Ndithana nazo."

"Chabwino." Katsuji anakoka chitini chopanda kanthu, nachikhalira, natsegula kathumba kake. "Ine sindikakamiza munthu. Ndikhala pano ndionere. Mukafuna phazi langa, mulipemphe ndi pakamwa panu, ndimve ndi khutu labwinoli."

Teruo anachotsanso matayala. Anasema nsonga ya nsungwi kuti igwire bwino, naikulunga ndi kansanza. Anapopa, nachirikiza, nakwawa. Katsuji ankatafuna mbatata n'kumafotokoza za bondo la mkazi wake, za mtengo wa palafini, za mwana wa aneba amene wameta tsitsi ngati tambala. Teruo anamasula kabawuti. M'kapaipi munadutsa thovu lambiri, timibulu ta mpweya tondondozana. Anatambasula dzanja kuti amange.

Phwa!

"Mkazi wanu wachiwiri wathawanso," anatero Katsuji.

Dzuwa la nyengo yozizira silichedwa. Kuwala kolowera pakhomo kunali kutayamba kufiira, ndipo m'botolo la mafuta atsopano munali mutatsala osakwana theka. Sitolo yogulitsa mafuta a mtundu umenewo inali kutali, ndipo pofika kumeneko akanapeza atatseka. Teruo anagona pakatoni paja akuyang'ana kunsi kwa galimoto. Anaganiza za kona yoyamba ya bwalo lija, imene imabwera msewu wowongoka ukangotha, ndi khoma la matayala akale limene lili kuseri kwake. Anaganizanso za chala cha mkulu woyendera uja chikuloza kugeti madala onse akuona.

"Alamu," anaitana ali pansi pomwepo.

"Ee?"

"Phazi."

"Phazi latani?"

"Ndibwerekeni."

"Mphepoyi ikusokosa. Mwati bwanji?"

"Chonde, ndibwerekeni phazi."

Katsuji anadzuka msanga kuposa mmene munthu wa msinkhu wake amadzukira. Anapukuta manja pajekete, natsegula chitseko. Asanalowe anavula masilipasi n'kuwasiya pansi moyang'anitsa kunja. Teruo anawaona ali kunsi kwa galimoto, ndipo anatembenuzira nkhope kutayala.

Anathira mafuta m'kathanki ka kuboneti, nabwerera kutayala lakumbuyo kumanzere, nagogoda chitsulo kamodzi.

Palibe chinachitika.

Anagogodanso kamodzi, mwamphamvu.

"Kodi kuli mlendo?" anafuula Katsuji. "Lowani!"

"Popani."

"Ndiye muzinena!"

Galimoto inagwedezeka pamene Katsuji ankapopa ndi mphamvu zake zonse. Teruo anamasula kabawuti. Chopondera chitangoyamba kumira pansi pa phazi lake, Katsuji anadzidzimuka n'kuchotsa mwendo.

"Alamu, chathyoka! Si ine, chathyoka chokha!"

Teruo anaona ndi maso ake mafuta a m'kapaipi akubwerera m'mbuyo, mpweya ukuwatsatira. Anamanga kabawuti, natseka maso. Anayesa kukumbukira tsiku limene anaphunzitsa Setsuko za kugogoda kuja, koma silinapezeke. Zinangoyamba zokha. Munthu uyu analibe zaka zoti aphunzire, ndipo mafuta otsalawo sakanalola kulakwitsa kwina.

Anakwawa n'kutuluka, naima pawindo.

"Chikamira, musachotse phazi. Chitsatireni mpaka pansi. Mugwire pomwepo mpaka ndinene."

"Munene kuti chiyani?"

"Siyani."

"Ndiye mawu ake ndi angati?"

"Popani. Gwirani. Siyani."

"Basi? Nanga zimenezi n'zimene mumalephera kunena chiyambire masana? Koma mukweze mawu. Khutu lakumanzereli linapuma pantchito."

Anayambanso. Poyamba mawu a Teruo ankatuluka okhwinyata ngati chovala chimene chakhalitsa m'sutikesi, ndipo Katsuji ankangoti, "Mwati?" Chitseko chamalata chinkasokosa, mphepo ikulira m'denga. Teruo anakoka mpweya.

"Popani!"

"Ndikupopa!"

"Gwirani!"

"Ndagwira! Chikumira, alamu, chikumira!"

"Chitsatireni! Gwirani pomwepo!" Anamanga. "Siyani!"

"Ndasiya!"

Galu wa aneba anayamba kuuwa. Thovu linadutsa m'kapaipi, kenako timibulu towerengeka, kenako mafuta oyera okhaokha opanda kanthu. Teruo anadzuka kukathira ena m'kathanki, nasamukira tayala lakumbuyo kumanja.

"Mukudziwa," anatero Katsuji akupumira m'mwamba, "lero ndamva mawu anu ambiri kuposa amene munalankhula pa ukwati wanu."

"Popani!"

"Ndikupopa, bwana. Setsuko ankandiuza za kugogoda kwanuko. Ankaseka mpaka misozi."

Dzanja la Teruo linaima pa sipanala.

"Ankati ndi wailesi yake ija sankamva n'komwe. Ankangomvera phazi. Chikamira ndiye kuti mwamasula, chikaima ndiye kuti mwamanga. Ndinamufunsa kuti, nanga bwanji osamuuza asiye kugogoda? Iye akuti, musiyeni, ndi nkhani yokhayo imene amayamba yekha."

Katsuji anadikira, phazi lili pachopondera, mwendo ukuyamba kunjenjemera.

"Alamu, muli moyo? Mwendo ukufa kuno."

"Gwirani," anatero Teruo. Anamasula kabawuti, namanga. "Siyani!"

Matayala akutsogolo sanavute. Pa lomaliza Katsuji anayamba kudandaula kuti chopondera chauma, chikumupweteka chidendene, ndipo Teruo anadziwa kuti zatheka. Anathira mafuta otsala mpaka pamzere, m'botolo n'kutsala ongonyowetsa pansi. Anapukuta madontho onse ndi nsanza yonyowa, pakuti mafuta amenewa amadya penti. Katsuji anamugwirira matayala pamene ankamanga mabawuti, akudandaula kuti manja ometera anthu sayenera kugwira zinthu zotere.

Teruo anakhala pampando. Unali wofunda. Anaponda buleki injini isanalire, chopondera n'kuima pamwamba, gwa ngati mwala. Anachigwira kwa nthawi kuti aone ngati chitsike. Sichinatsike.

"Kwerani," anatero.

"Ine? Mukandiphere pakhomo panga pomwe?"

Koma anakwera, namanga lamba, nagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja awiri. Teruo analowa m'kanjira kaja, nakweza giya, nathamanga kuposa poyamba. Minda ya kabichi inkadutsa mbali zonse. Atafika pamtengo wa magetsi anaponda mwamphamvu. Malamba anawagwira pachifuwa, kathumba ka mbatata kanauluka kuchoka pamiyendo ya Katsuji, ndipo galimoto inaima chilili, miphika ya maluwa ikadali kutali.

Katsuji anatulutsa mpweya. "Phazi langa limenelo," anatero. "Mukawauze anzanuwo."

"Ndikawauza."

"Bodza. Inu simungauze munthu ngakhale nyumba ikupsa." Anamasula lamba, natola mbatata zake pansi, natsegula chitseko. Mphepo inalowa ndi fumbi lake. Anatulutsa mwendo umodzi, naima. "Mumanyamuka nthawi yanji?"

"Kusanache."

"Kumeneko kumakhala pokhala? Kapena munthu amangoima pamphepo ngati chikwangwani?"

"Amabweretsa mpando."

"Hm. Lamulungu ndiye tsiku la makasitomala ambiri." Anakanda kuseri kwa khutu. "Koma angodikira, tsitsi silithawa. Mudzalize hutala kamodzi, musadzutse mlamu wanu wamkazi."

Anatsika, nalowa m'nyumba mwake akukhwekhwereza masilipasi.

Teruo anatembenuza galimoto n'kubwerera kugalaja. Anayang'ana tayala lililonse ngati pali podontha, ndipo panalibe. Kenako anatenga chipewa chake cholimba, magolovesi ndi mipando iwiri yopinda, n'kuziika m'buti.