Kuudikirira Mwala Kutsogolo

Mwalawo unali waukulu ngati basi, ndipo unkadutsa mumlengalenga pafupi ndi dziko lathu lapansi Lachinayi madzulo. Sunali woti ungagwere munthu ayi. Vuto linali lakuti unali utangopezeka dzana lake, njira yake isanadziwike bwino, ndipo akatswiri anati ukapanda kujambulidwanso tsiku limenelo, usowa. Kwa ena onse okhala ndi matelesikopu oonera nyenyezi mbali ino ya dziko kunali mitambo. Kunangotsala denga la sukulu ina ya sekondale, kumene mphunzitsi wamkazi wa sayansi anali ndi telesikopu yake, chimpaipi cha kamera kumbuyo, choyendetsedwa ndi kompyuta.

Bambo ake anakwera nawo padengapo kukangomugwirira tochi. Anthu ankawatchula a Siteshoni chifukwa anakalambira pantchito ya njanji, ndipo ngakhale atapuma, ukawafunsa nthawi ankakuuza ndi masekondi omwe.

Pankafunika zithunzi zitatu, chilichonse ndi nthawi yake yeniyeni, mwala usanalowe kuseri kwa thanki ya madzi imene inali kumapeto kwa denga. Mdima utagwira, anali ndi mphindi makumi anayi basi.

A Siteshoni anakhala pachidebe chovundikira n'kumaonerera. Mwana wawo ankayang'ana papepala pamene mwala uli mphindi imeneyo, kulemba manambala, chimpaipi n'kuyamba kutembenuka chikulira ngati kachigayo. Chikaima, ankajambula. Pakompyuta pankabwera nyenyezi zokhazokha.

“Wadutsa kale,” anatero mphunzitsi, n'kuyambiranso.

Kachiwiri, zomwezo. Kachisanu, zala zake zinayamba kuphonya mabatani.

“Bambo, tochi muloze papepala, osati kumaso kwanga.”

“Ndimaona ngati wayamba kulira.”

“Sindikulira.”

“Mphuno ikunena zina.”

Analozadi papepala, ndipo m'pamene analiona bwino. Kumanzere kunali nthawi, mphindi iliyonse ndi mzere wake. Kumanja kunali malo amene mwala ukhala uli. Mapepala otere anawagwira moyo wawo wonse.

“Mayi, chimpaipi chakochi chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chitembenuke n'kusiya kunjenjemera?”

“Mwina mphindi ziwiri.”

“Ziwiri ndi theka. Ndakhala ndikuwerenga.” Anagogoda wotchi yawo ndi chikhadabo. “Nyenyezi zimene unazolowera kujambula zimakudikira. Mlendo wakoyu sadikira. Ukulemba pamene ali panopa, pofika iwe mnzako ali kutali. Munthu akaphonya sitima sitinkamuuza kuti athamange m'njanji. Tinkamukweza galimoto akaidikirire kutsogolo.”

Mphunzitsi anayang'ana thanki, kenako wotchi ya pakompyuta.

“Zatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi imodzi. Kudikira kulikonse kudya zisanu. Tikaphonya kamodzi, zatha.”

“Ndiye tisaphonye. Bweretsa pepalalo. Iwe gwira makina, nthawi undisiyire ine.”

Anaimirira, mawondo akudandaula, n'kutsetsereka ndi chala mizere isanu kutsika. Anawerenga manambala limodzilimodzi, mokweza, monga ankachitira pa telefoni ya kusiteshoni, ndipo anamuuza awabwereze asanadinde batani. Chimpaipi chinatembenuka, chinaima, chinasiya kunjenjemera. Chinali chitaloza malo opanda kanthu. Dzanja la mphunzitsi linayamba kuyendayenda cha pabatani.

“Usakhudze. Sanafike.”

“Nanga akakhala wadutsa kale?”

“Masekondi khumi. Asanu. Jambula.”

Pakati pa timadontho ta nyenyezi panabwera kamzere kafupi, kowala, ngati wina wakanda galasi ndi singano. Mphunzitsi anatsegula pakamwa, koma bambo ake anali atayamba kale kuwerenga manambala ena.

Chachiwiri chinatheka chimodzimodzi. Pa chachitatu, chimpaipi chinakaima chitaloza m'mphepete mwenimweni mwa thanki. Mphunzitsi atajambula choyesera, theka la chithunzi linali lakuda bii.

“Thanki yalowamo. Tibwerere m'mbuyo mzere umodzi.”

“Mzere umenewo wadutsa tikuyankhula. Mbali yoyerayo ndiye imene akulowera?”

Mphunzitsi anayang'anitsitsa. “Ndi yomweyo.”

“Ndiye khala phee.”

Anadikira. Pansi pamsewu panadutsa lole, denga n'kugwedera pang'ono. A Siteshoni sanachotse maso pawotchi mpaka ananena kuti, “Jambula.”

Kamzere kanalimo, mutu wake utagunda kale mdima wa thanki, mchira uli poyera. Mphunzitsi anayeza timizere tonse titatu, analemba nthawi zake, n'kutumiza kwa akatswiri aja.

Yankho linawapeza ali pamakwerero, atanyamulizana chimpaipi, mwana kutsogolo, bambo kumbuyo. Anachitsamiritsa pakhoma kuti mphunzitsi atulutse foni.

“Alandira, Bambo. Akuti njira yake tsopano yadziwika. Susowanso.”

“Udzabweranso liti?”

“Pakatha zaka makumi atatu ndi chimodzi.”

A Siteshoni anawerengera chamumtima, milomo ikuyenda.

“Tsiku limenelo udzalawirire, mayi. Udzakhala wekha.” Anawerama n'kugwira mbali yawo ya chimpaipi. “Kweza, tizitsika.”