Mbale za M'makina a Mafuta

Anthu a m'chipinda cha injini ankangomutchula kuti Chemwali, poti mkazi anali yekhayo pansipo. Ntchito yake inali yoyang'anira makina oyeretsa mafuta. Mafuta amene sitima yapamadzi imamwa amabwera akuda bii, olimba ngati phula, muli madzi ndi matope. Amayamba awatenthetsa, kenaka makinawo amawazunguza mwaliwiro mpaka madzi ndi litsiro zithawire m'mbali, mafuta abwino n'kupita ku injini. M'mimba mwa makinawo muli mbale zachitsulo zovundikirana, ndipo zikamata litsiro zimafuna kutsukidwa imodziimodzi.

"Sukulu yonse ija kuti mudzatsuke mbale, Chemwali?" ankamuseka motero Madala, bambo waimvi wowotcherera zitsulo.

"Izi bola, Madala. Palibe amadyerapo n'kudandaula kuti mchere wachepa."

Ankayankha choncho, koma mtima unali kwina. Anasiya mwana wamkazi atangomuletsa kuyamwa, m'manja mwa mng'ono wake ndi bambo a mwanayo. Masabata oyamba mkaka unkanyowetsa ovololo, iye n'kumanamizira thukuta. Tsopano unali utauma, ndipo zimenezo ndiye zinkamupweteka koposa.

M'mawa wina sitima inadutsa pafupi ndi mtunda, mafoni n'kuyamba kugwira. Aliyense amene anali ndi mpata anathamangira pamwamba. Chemwali anali atamasula makina amodzi, mbale zili mbwee patebulo, ndipo mkulu wa mainjiniya ankafuna makinawo ayambe kugwira ntchito dzuwa lisanapendeke.

"Pitani, ndikutsukirani," anatero Madala. "Mtundawu suchedwa kuthawa."

"Koma musazisokoneze, iliyonse ili ndi malo ake."

"Mwayamba kuphunzitsa galu wokalamba kuuwa? Pitani."

Anakwera makwerero asanasambe n'komwe. Foni inaitana kanthawi, kenaka nkhope ya mwamuna wake inaoneka, kumbuyo kwake kuli katani yobiriwira ya pabalaza imene iye anasoka ali woyembekezera. Mwana uja anali akuyenda yekha, atagwira siketi ya mng'ono wa Chemwali.

"Apatse moni amayi ako," anatero mwamunayo, akumuyandikizira foni.

Mwanayo anayang'ana m'mwamba, kwa mng'ono uja, ngati akufunsa kuti moni wanjinso poti agona nyumba imodzi. Kenaka analoza foni.

"Anti."

Mwamunayo anayamba kuseka, n'kusiyira panjira. Mng'ono uja anayang'ana pansi.

"Musamukakamize," anatero Chemwali. Posowa chochita, anakweza dzanja lake lakuda ndi mafuta n'kutambasula zala. Mwanayo anatong'ola maso. Anasiya siketi ija, nayenso n'kuonetsa kadzanja kake kodzaza dothi, akuseka mpaka mano ake atsopano kuonekera. Chemwali anali asanawaonepo manowo. Ankati awawerenge, chithunzi chinaima, foni n'kuduka. Anayesanso kuimba mpaka mtunda unasanduka kamzere kotuwa.

Atatsika anapeza Madala atatsuka zambiri. Madala anamupatsa burashi, n'kumusunthira pa benchi.

"Wanditchula anti," anatero Chemwali patapita nthawi.

"Wanga woyamba anandifunsa kuti, 'Bambo inu, kwanu mupita liti?' Ndili pampando wanga, m'nyumba yanga."

"Ndiye munatani?"

"Ndinati mawa. Mawa lake anafunsanso. Tsiku lina anangoiwala kufunsa, n'kundibweretsera nsapato yake kuti ndimumange."

Anasanja mbale zija, anamanga makinawo n'kuwayatsa. Makinawo anayamba ndi kubuula, kenaka analira mosalala. Chemwali anaika dzanja pachivundikiro kuti amve ngati akunjenjemera, koma anali bwino. Madala anatola zida zake.

"Madala, mwana wa msinkhu umenewo amakhala ndi mano angati?"

"Aa, zimenezo ankadziwa ndi amayi ake," anatero, n'kuima pang'ono pakhomo. "Ine ndinkapeza atamera kale."