Phulusa la Bambo mu Lole ya Nsalu

"Atha," anatero Dhananjay akuika foni pamphasa. "Sipanadutse ndi mphindi ziwiri zomwe. Pomwe ndimamaliza kulemba dzina la amayi, malo onse a m'sitima anali atapita kale."

Mlongo wake Kumkum anapitiriza kutsuka makapu amene anamwera tiyi anthu obwera kudzapepesa maliro.

Linali tsiku lachitatu chimwalirire bambo awo, a Baidyanath Mandal, amene anatha zaka makumi atatu ndi zinayi pa makina owomba nsalu mumzinda wa Surat. Thupi anali ataliwotcha m'mphepete mwa mtsinje wa Tapi. Phulusa ndi timafupa totsala zinali m'kamtsuko kadothi komangidwa nsalu yofiira pakamwa, ndipo kamtsukoko kankalendewera panthambi ya mtengo wa nimu kunja kwa mdadada wa nyumba zalendi, poti phulusa la munthu salowa nalo m'nyumba. Linayenera kukathiridwa mumtsinje wa Ganga tsiku lakhumi lisanakwane.

Koma a Baidyanath anamwalira nyengo yoipa. Kunatsala sabata imodzi kuti chikondwerero cha Chhath, chimene anthu amasala kudya n'kupembedza dzuwa, chiyambe, ndipo munthu aliyense wa ku Bihar, dera la kwawo kwa a Baidyanath, wogwira ntchito mu Surat mtima unali utaloza kwawo. Dzulo lake Dhananjay anapita kusiteshoni atavala nsalu yake yoyera yachisoni, mutu uli mpala. Mzere wa anthu unatuluka pageti, n'kukhota pamsika, n'kukathera kumene iye sanakuone. Sitima itafika anaona anthu akulowetsana pamawindo ngati matumba a mpunga. Anabwerera osayesa n'komwe.

Amayi awo, a Sunaina, anali atakhala pakona pomwe ankakhala amuna awo akaweruka. M'mikono mwawo munali mbee, makoza atawachotsa monga amachitira akazi amasiye. Dhananjay anasendera pafupi.

"Amayi, mtsinje wa Narmada ndi ulendo wa maola atatu okha. Nawonso ndi woyera. Anthu ambiri akwathu akumathira komweko masiku ano. Wansembe wanena kuti palibe cholakwika."

"Wansembeyo kwawo n'kuno."

"Ndiye titani? Ndege zadzaza mpaka chikondwerero chidutse. Mabasi ndafunsa anayi. Atatu agulitsa ndi malo oimirira omwe. Wachinayi anali ndi mpando, koma atangomva za kamtsuko anati anthu opita kukasala kudya sangayende ndi maliro."

A Sunaina anakonza nsalu yawo kumutu.

"Bambo ako anaphunzirira kusambira padoko la Simaria, pa Ganga kwathu. Phulusa la atate awo linathiridwa pamenepo, la amayi awonso. Zaka zonsezi sanandipemphepo kanthu, ngakhale ndiwo yoti ndiwaphikire. Kuchipatala kuja anandipempha chinthu chimodzi."

Dhananjay anadzuka n'kutuluka.

Kumkum anamupeza ataima pansi pa mtengo wa nimu, kamtsuko kali pamwamba pa mutu wake.

"Zaka zisanu ndi zinayi bambo sanapondeko kumudzi," anatero Dhananjay motsitsa mawu. "Ali moyo ankati ntchito, ntchito. Lero ndiye afune?"

"Achimwene, inu mukuopa sitima kapena mukuopa munda?"

Dhananjay anamuyang'ana.

"Ndamva foni zija," anatero Kumkum. "Bambo aang'ono a Jageshwar aimba kawiri."

"Katatu. Sakulira mbale wawo ayi. Akufuna ndikasayine kuti gawo la bambo likhale lawo, poti iwo ndi amene akhala akulima. Ndikakana, ndine mwana wa m'tauni wopanda ulemu. Ndikavomera, amayi sadzandiyang'ananso. Ndipo iwe ukudziwa momwe amasekera chiyankhulo changa kumeneko."

"Dzanja ndi lanu, mukasayine kapena musakasayine. Koma amayi musawauze kuti vuto ndi sitima yokha."

"Chabwino, anamwino. Pezani njirayo inuyo."

Kumkum ankagwira ntchito yaunamwino ku Pune, ndipo anazolowera kuti akamukaniza pakhomo lina amakagogoda pena. M'mawa mwake anakwera kanjinga kamoto kamatayala atatu n'kupita kumadepoti kumene amapakira mabelo a nsalu. Nyengo ya chikondwerero anthu amasowa pokhala, koma nsalu za sari zoti akavale sizisowa. Malole opita ku Bihar anali ndandanda.

Dalaivala woyamba anakana asanamve zonse. Wachiwiri anamvetsera bwinobwino, n'kugwira kachithunzi ka mulungu wake kali pagalasi, n'kupukusa mutu. Wachitatu anati abwana ake salola. Wachinayi anali bambo wachikulire wa ndevu zopaka utoto wofiirira, ndipo ankakoka chingwe cha tenti mano ali gwa. Dzina lake linalembedwa pachitseko cha lole: Mustakim.

"Ndikupita ku Begusarai, kudzera ku Simaria. Anthu angati?"

"Awiri. Amayi anga ndi achimwene."

"Katundu?"

"Chikwama chimodzi. Komanso bambo. Ali m'kamtsuko."

A Mustakim anamaliza kumanga mfundo, n'kupukuta manja pamalaya.

"Ankagwira ntchito yanji?"

"Ankawomba nsalu."

"Ndiye mwina zina mwa izi ndi zawo," anatero akumenya belo ndi chikhatho. "Mwana wanga, ine ndanyamulapo mbuzi, mafiriji, ngakhale mkwatibwi wothawa ukwati. Bambo a munthu angandilemere? Mnzanga woyenda naye anathawira kwawo sabata yatha, malo alipo. Koma ndi masiku anayi, ndipo lole yangayi kuthamanga siidziwa. Amayi ako msana uli bwino?"

"Ndi olimba. Nanga mtengo wake?"

"Tiyi wa m'njira akhala wa achimwene akowo. Uwachenjeze, ndimamwa kwambiri."

Kumkum atafika kunyumba ndi nkhaniyo, a Sunaina anangodzuka n'kuyamba kupinda nsalu. Dhananjay anafunsa mafunso ambiri, za matayala, za apolisi a pamsewu, za mankhwala a amayi. Mafunso atamuthera anakatenga chikwama.

Kutsogolo kwa lole kunali benchi imodzi yaitali. Kabedi ka kuseri kwake kanali kodzaza ndi timitolo timene anthu olephera kupita kwawo anatumiza kwa abale. Kumkum anayang'ana benchiyo, n'kuwerenga ndi maso, n'kutsimikiza zimene ankadziwa kale, kuti iye sakwanapo.

"Ine bambo ndinatsanzikana nawo kale kuchipatala," anatero asanafunsidwe. Anatsitsa yekha kamtsuko mumtengo, n'kukakhudzitsa pamphumi pake, n'kukapereka kwa mchimwene wake.

Dhananjay anafuna kukaika pansi, pakati pa mapazi ake.

"Pansi ayi," anatero a Sunaina.

"Ndiye kumbuyo, pa timitolo."

"Si katundu."

A Mustakim anatenga bulangeti lawo, n'kulipinda kanayi, n'kuliyala pabenchi pakati pa mayi ndi mwana. Kamtsuko kanakhala pamenepo, kali ndi malo ake ngati munthu. Dhananjay anapanikizika kuchitseko, bondo likugunda chitsulo pa bampu iliyonse.

Anayenda. Tsiku loyamba sanayankhulane kwenikweni. A Sunaina anagwira kamtsuko ndi dzanja limodzi pokhota paliponse. Pamalo odyera a m'mbali mwa msewu, a Mustakim anatsogola kukauza wophika kuti mbale ziwiri zikhale zopanda mchere ndi mafuta.

"Mwadziwa bwanji?" anafunsa Dhananjay.

"Zaka makumi atatu pamsewu uno. Maliro a anthu anu ndimawadziwa kuposa iwe."

Nthawi ya mapemphero awo achisilamu ikakwana ankaimitsa lole pamthunzi, n'kuyala kansalu pambali pa tayala. A Sunaina ankadikira osadandaula. Tsiku lachiwiri anayamba kuwakumbutsa okha.

"Bambo, dzuwa lapendeka. Simuima?"

Madzulo a tsikulo anaima pamphambano ya njanji. Sitima inadutsa pang'onopang'ono, anthu atadzaza mpaka m'makomo, ena atakhala pamasitepe miyendo ili lendelende, wina atakumbatira mtolo wa malichero atsopano a pachikondwerero. Dhananjay anawerenga mabogi mpaka anasokoneza.

Tsiku lachitatu anafika pamlatho wa ku Varanasi. Ganga anali pansi pawo, wotambalala, wotuwa ndi nkhungu. A Mustakim anachepetsa liwiro.

"Mayi, mtsinje wanu uja ndi uwu. Anthu amachoka kutali kudzathira pano. Mukafuna ndiima."

A Sunaina anayang'ana madziwo nthawi yaitali. Mapazi awo anali atatupa, ndipo kuyambira m'mawa ankasinthasintha kakhalidwe chifukwa cha msana. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Wonyamula ndi iwe. Nena."

Dhananjay sanayembekezere zimenezo. Kutsogolo kunali tsiku lina lathunthu, ndi mudzi, ndi mapepala a bambo aang'ono. Apa panali doko, ansembe ali yakaliyakali, ndipo palibe munthu padziko akanati walakwa. Anayang'ana mapazi otupa a amayi ake, n'kuyang'ana nsalu yofiira imene tsopano inali itadetsedwa ndi fumbi la m'njira.

"Tiyeni, a Mustakim," anatero. "Kuno palibe akuwadziwa bambo."

Atawoloka, foni inalira. Anali bambo aang'ono.

"Inde, tili m'njira. Pa lole. Ee, lole ya nsalu." Anamvetsera kanthawi. "Za munda tidzakhala pansi mwambo wonse ukatha, amayi ali pomwepo. Panopa ndikubweretsa akulu anu. Mukatidikire padoko mawa masana."

Anadula foni. A Sunaina anamusendezera botolo la madzi.

M'mawa wa tsiku lachinayi, atadutsa Patna, msewu unadzaza anthu opita kuchikondwerero. Ena ananyamula nzimbe zamasamba ake, ena mikoko ya nthochi, ena madengu pamutu. Patsogolo pang'ono panali basi itafa, boneti ili yasa, okwera ake atamwazikana m'mbali mwa msewu. Ambiri anali atayamba kuyenda pansi. Ena ankakweza manja kwa galimoto iliyonse, koma zonse zinali zodzaza.

Pakati pawo panali mayi wachitsikana, khanda lili paphewa, chikwama chikukoka dzanja linalo. Patapata wake mmodzi anali ataduka, ndipo ankamukhwekhwereza. Mwamuna wake anali patsogolo ndi sutikesi pamutu.

"Bambo, taimani," anatero a Sunaina.

A Mustakim anaima. "Mwamunayo akhoza kukwera pamwamba pa mabelo. Koma wa khandayo kutsogolo kuno malo palibe, mayi."

A Sunaina anasuzumira pawindo, kudutsa pamaso pa mwana wawo.

"Mukupita kuti, mwanawe?"

"Ku Barauni, mayi. Kwa apongozi."

"Ndi njira yathu. Koma ndikuuziretu, tanyamula phulusa la amuna anga. Ngati ukusala kudya, usakwere."

"Akusala ndi apongozi, ine ndikuyamwitsa." Mtsikanayo anayang'ana kamtsuko, n'kuweramitsa mutu pang'ono. "Ndayenda kuyambira mbandakucha. Ngati iwowo sadandaula, inenso ayi."

A Sunaina anagwira kamtsuko ndi manja awiri n'kukanyamula pabulangeti paja.

"Amayi," anatero Dhananjay, "si inu munati akhale ndi malo awo?"

"Akhala mokwanira. Masiku atatu ali chikhalire, sanazolowere." Anapukuta fumbi pansalu yofiira ndi chala chachikulu. "Bambo ako ndayenda nawo pasitima maulendo khumi ndi awiri. Sindinawaonepo atafika ali pampando. Ikamakwana siteshoni yachiwiri amakhala atapatsa wina, iwo ali chiimire pakhomo mpaka ku Bihar."

Dhananjay anakumbukira. Ali mwana ankadzuka m'sitima n'kuona msana wa bambo ake pakhomo la bogi, malaya akuuluzika ndi mphepo, pampando pawo patakhala nkhalamba yachilendo.

"Ine ndinkayesa ndalama ya tikiti yachinayi inkawasowa."

"Tikiti inkakhala m'thumba la malaya."

Dhananjay anatsika, n'kulandira chikwama cha mtsikanayo, n'kumugwirira khanda mpaka atakwera. Mwamuna uja anakwera pamwamba ndi sutikesi yake. Mtsikanayo anakhala pabulangeti lopindidwa kanayi, n'kuvula patapata woduka uja, n'kupuma mpweya wautali.

Dhananjay atakweranso n'kutseka chitseko, amayi ake anamupatsira kamtsuko. Pamiyendo pake panalibe malo chifukwa cha chikwama cha alendo, ndiye anakakweza pachifuwa n'kukakumbatira ndi manja onse awiri. A Mustakim analowetsa giya, lole n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu ndi nzimbe zawo.