Kumdima kwa Chithunzi

Mayi wina anali ndi lenzi yakale, diso lagalasi la kamera, ya malemu mwamuna wake. Lenziyo inalowa pa kamera yatsopano atailumikiza ndi kachipangizo kotchedwa adaputa, koma inali yoperewera. Pakati pa chithunzi pankawala, m'mbali monse muli bii. Mayiyo ankazidziwa bwino zimenezi.

Ana ake atabwera kudzamuona, anaumirira kuti ajambulitse onse pabalaza.

"Panikizanani pakatipo," anatero mayiyo. Anatchera kamera kuti ijambule yokha, n'kukaima kumapeto, pafupi ndi mpando umene mwamuna wake ankakhalapo.

Mwana wamkulu anasuzumira chithunzicho. "Amayi, inutu simukuoneka, langotsala dzanja lokha. Tijambulenso?"

Mayiyo anavundikira lenzi ija mosafulumira.

"Chisiyeni choncho," anatero. "Ndili kumene kuli bambo anu."